Khosi la Alamu Anga

Chaka chimene mwana wanga Lusayo anayamba kuyenda

Ana anga, za ubwana wanga tizisiye, munazimva mpaka makutu anatopa. Ndiyambire pa tsache. Ntchito ndinailowa ndi tsache m'manja, pa chipatala chaching'ono cha mpingo, kumunsi kwa mapiri a Mafinga, njira ya ku Chisenga. Sukulu ndinalekera panjira, n'chifukwa chake zilembo zanga zikuyenda chopendama, koma muziwerenga ndithu. Ananditenga chifukwa ndinali ndi mphamvu, ndiponso Chichewa ndinkachidziwako, cha kutchalitchi ndi cha pa wailesi. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinachapa nsalu za odwala, ndinatunga madzi, ndipo zonsezi ndinkazichita ndikuimba. Eee, ndinkaimba ine! Yunifomu yobiriwira, nsapato zapulasitiki, nyimbo pakamwa, ndowa pamutu.

Bwana wanga woyamba anali a Makwinja, a ku Thyolo. Tonse tinkati adokotala, ngakhale eniake ankakana, amvekere, "Udokotala weniweni sindinafikepo, ndili m'munsi mwake." Anali munthu wamfupi, woopa kuzizira, wovala majuzi awiri mwezi wa Juni. Chiyankhulo cha kuno chinawakanika. Tsiku lina ndikukolopa pakhonde anasuzumira pakhomo n'kuitana: "A Nakaonga, tasiyani ndowayo, mudzandiuze zimene akunena mayiwa. Ayankhula nthawi yaitali, koma ine ndatolapo yewo yekha, zikomo wa kunoyu." Kuyambira pamenepo ndinakhala wa tsache m'mawa, womasulira masana. Malipiro sanasinthe, koma ndinapeza mpando m'chipinda choyezera odwala.

M'chipinda chimenecho ndinaona makosi. Kwathu kuno khosi lodzaza silinali matenda. Mtsikana wa khosi lonenepa ankati wadya bwino, mikanda ikumukhala. A Makwinja ndiwo anandiuza kuti chotupa chimenechi ndi chithokomiro, kanyama kokhala kutsogolo kwa khosi, kamene tonse tili nako koma kwa ena kamakula. Anati chilipo chogona ndi chothamanga. Chogona chimangotupa chifukwa mchere umene tinkadya unalibe mankhwala ake ofunika, munthu amalima, amabereka, amakalamba nacho. Chothamanga ndiye choopsa: chimagwira ntchito mopitirira muyeso, mtima umagunda ngati ng'oma, manja amanjenjemera, munthu amadya kwambiri koma n'kumaonda, thukuta kamukamu ngakhale kukuzizira, maso n'kutuluka ngati wadabwa. Chothamangacho, asanapereke mankhwala, ankafuna adziwe kukula kwake. Chikakhala chaching'ono, mapiritsi ochepa amachigonjetsa. Chikakhala chachikulu, mapiritsi ambiri, ndipo nthawi zina osamva, mpaka munthu apite kuchipatala chachikulu akachichotse.

Makina oonera m'kati tinalibe. Kuyeza kwake kunali kotere. Wodwala akhale pampando, mikanda avule, mpango amasule. A Makwinja aime kumbuyo kwake, zala zonse pakhosi, ine kutsogolo ndi kapu ya madzi. Munthu akameza, chithokomiro chimakwera n'kutsika, zala n'kumva pamene chayambira ndi pamene chathera. Akatero ankagwira chala chachikulu cha wodwalayo, n'kuyerekeza: mbali imodzi ya chotupa ikaposa nsonga ya chala cha mwiniwake, ndiye kuti chakula. Amayi ambiri ankaopa mwamuna wachilendo ataima kumbuyo atawagwira pakhosi, madzi osamezeka. Ndiye ndinapeka kanyimbo kanga: meza mayi, meza, likwere khosi, litsike khosi, meza mayi, meza. Ankaseka, n'kumeza. A Makwinja amvekere, "Nyimbo imeneyi kusukulu sanatiphunzitse, koma musaisiye."

Pomaliza tinkazunguliza tepi pakhosi, tepi yonga ya telala, kuti mwezi wotsatira tione ngati chotupa chikubwerera kapena chikupitirira. Tepiyo inakalamba, manambala anafufutika, kenako inaduka. Tinapempha ina. Inachedwa, inachedwa, mpaka tinaleka kuidikira.

Chaka chimene Tiyonge anabadwa

Nzeru ya chingwe inali ya a Makwinja. Anati titenge chingwe cha pa thumba la feteleza, chija chosatamuka, wodwala aliyense chake. Tizungulize pakhosi, pamene nsonga yakumana ndi chingwe timangepo kaulusi kofiira. Mwezi wamawa kaulusi kena. Katsopano kakagwera m'kati, chotupa chikuphwa. Kakagwera kunja, chikukula. Kumanga ulusi anandisiyira ine, popeza zala zanga zinali zozolowera singano. Poyamba chingwecho tinkampatsa wodwala kuti azisunga kwawo, azibwera nacho.

Pamenepo ndiye panabuka zoseketsa. Panali mayi wina wachikulire wa kuseri kwa phiri, chithokomiro chake chothamanga. Tinamuyeza, tinampatsa mapiritsi ndi chingwe, anapita. Anabwera patapita miyezi, ataondanso, manja ali gwedegwede, chingwe chili m'khosi chitada bii ndi utsi ndi mafuta. Anamasula kansalu n'kutulutsa mapiritsi onse, osakhudzidwa. Ndinamufunsa m'chiyankhulo chathu, ndipo anayankha mokondwa: "Timiyala toyerati ndasunga bwino. Mankhwala enieni ndi awa munandimangawa, sindinavulepo, ngakhale posamba." Nditamasulira, a Makwinja anavula magalasi n'kugwira kumutu. "Mayi, kodi ine ndakhala sing'anga wa zithumwa? Afunseni, a Nakaonga, aona nsupa muno?" Mayi uja anati, "Nanga mtsikanayu ankaimbiranji pomanga?" Ndinamasuliranso zimenezo. A Makwinja anaseka mpaka kutsokomola. Titafufuza tinapeza kuti sanali yekha. Kwathu chingwe chomangidwa m'khosi ndi munthu wodziwa za matenda chimakhala mankhwala, ndipo anthu sanalakwe kuganiza choncho, ankangotsata zimene anazolowera.

Kuchokera tsiku limenelo zingwe sizinatulukenso pachipatala. Tinakhoma misomali kuseri kwa chitseko. Kuti ndisasokoneze eniake, popeza mayina olembedwa ankandichedwetsa, ndinkapempha kachidutswa ka chitenje cha wodwala n'kumangirira kunsonga. Wa maluwa achikasu, wa nsomba, wa mawanga a nkhanga, onse ndinkawadziwa. Chitseko chikatsegulidwa, zingwe zinkavina. Wosunga ndinali ine, woyeza ine, womanga ulusi ine. Adokotala ankangoyang'ana n'kukhulupirira.

Chaka chimene Lusayo anapita ku sekondale

A Makwinja anawasamutsira kwawo kummwera, akusangalala kuti majuzi akawapatsa ena. M'malo mwawo munabwera Mayi Phiri, a ku Dedza, achitsikana, oyankhula pang'ono, osakonda nthabwala pa ntchito. Tsiku loyamba anaona zingwe kuseri kwa chitseko n'kufunsa, "Izi n'zoyanika chiyani?" Nditafotokoza anati, "Zisachoke. Zala zanga zimagwira makosi ambiri, za mwezi watha sizikumbuka." Masiku amenewo mapiritsi a chithokomiro ankabwera mwa apo ndi apo. Mwezi uno alipo, wamawa palibe, ndipo Mayi Phiri ankakwera njinga yamoto kukawapempha ku Boma, n'kubwera fumbi lili mbuu m'tsitsi. Sanali okoma pakamwa, koma wodwala sankamubisira kanthu.

Chaka chimenecho ndi chimene anadwala alamu anga, a Esnati Nalungwe, mkazi wa amalume anu a Yotamu. Inu mwawadziwa ali ndi mawu osasa, ndipo mumayesa anabadwa choncho. Ayi. Mayi amene uja anali mawu a mpingo wathu. Iwo ankadzutsa nyimbo, ine ndinkavomera. Akayamba kuimba pamaliro, a kutsidya la mtsinje ankadziwa kuti mwambo wayamba. Pa ukwati akapanda kubwera, anthu ankati ukwatiwo wachepa. Ine ndinkaimba, inde, koma ndinali ngati kamtsinje pafupi ndi mtsinje.

Anayamba kuonda. Ankadya nthochi, nyemba, chinangwa, zonse, koma chitenje chinkazungulira kawiri. Anthu anayamba kunong'ona kuti ndi matenda aja ankatha anthu masiku amenewo, ndipo ena analeka kumwera kapu imodzi nawo. Ine ndinaona manja akunjenjemera atagwira buku la nyimbo, thukuta lili pamphumi m'mawa wozizira, mpango utakulungidwa m'khosi. Ndinati, "Alamu, tamasulani mpangowo." Anati, "Mwayamba kundiyeza ndi m'tchalitchi momwe? Ine si wodwala wanu." Ndinati, "Mawa mudzakhala." Anabweradi. Magazi anayezedwa, matenda a manong'onong'o aja sanapezeke. Chinali chithokomiro chothamanga, chachikulu, choposa chala chawo kutalitali. Ndinadula chingwe, iwo anang'amba kachidutswa ka chitenje chawo cha kwaya, choyera cha mizere yabuluu.

Mapiritsi anathandiza mbali imodzi. Mtima unatsika, manja anakhazikika, tulo tinabwera. Koma chotupa sichinamve. Mwezi ndi mwezi kaulusi kankagwera kunja, kunja, kunja. Anayamba kunena kuti akagona chagada akubanika, ndipo mbatata ikuima pakhosi. Mayi Phiri anawakhazika pansi n'kunena, ine ndikumasulira: "Chotupachi chayamba kupanikiza njira ya mpweya. Tikuonjezerani mankhwala mwezi uno. Mwezi wamawa kaulusi kakagweranso kunja, mupita kuchipatala chachikulu akachichotse. Ndikuuziretuni, pafupi ndi pamene amadula pamadutsa mitsempha ya mawu. Ambiri amabwera bwinobwino, koma ena mawu amasasa, ndipo ena sabwereranso mwakale." Nditafika pa mawu amenewa ndinaima pang'ono. Ndikanatha kuwadumpha, Mayi Phiri sakanadziwa. Koma ntchito yanga inali kunena zonse, ndipo ndinanena zonse.

Mwezi wokolola mawere, chaka chomwecho

Tsiku loyeza linafika. Ndinali kuseri kwa chipatala ndikuyanika nsalu, dzuwa litakwera, pamene alamu anatulukira atanyamula kadengu ka nyemba zatsopano. Anati, "Monire alamu. Izi n'za ana." Ndinati, "Yewo chomene. Koma nyemba zobwera tsiku loyeza zimandiopsa." Anaseka pang'ono, n'kugwira nsonga ina ya nsalu kuti tifinye limodzi. Tikupotokola, anati, "Alamu, kaulusi ka lero mukamange m'kati."

Ndinati, "Kamamangidwa pamene khosi lanena."

"Pang'ono pokha. Ngati chikhadabo. Ndani adzaona?"

"Mayi Phiri ali ndi zala."

"Zala zawo zimaiwala, munanena nokha. Amadalira chingwe chanu." Anasiya nsalu n'kundiyang'ana ndi maso aja otuluka. "Inu mukudziwa chimene ndili nacho pa dziko pano. Munda ndi wa achimwene anu. Ng'ombe ndi zawo. Ana, ndikafa kapena akandithamangitsa, ndi a kwanu. Changa ine ndi pakhosi pano. Mukufuna akadule chimenechi?"

Ndinati, "Nanga mukabanika muli m'tulo?"

"Ndifa ndili ndi mawu anga. Adzandiimbira ena, koma adzanena kuti wagona apayu ankaimba."

"Nanga Atupele? Mwana sanasiye n'kuyamwa komwe."

Anati, "Musandiuze za mwana wanga. Ine ndikupempha mlamu wanga, si wantchito wa chipatala. Kapena mukufuna muzidzutsa nyimbo ndinu? Nenani, ndikupatsani buku lero lomwe, popanda mpeni."

Mawu amenewo analowa. Ndinayanika nsalu yotsala, ndinapukuta manja, ndinalowa m'chipinda.

Anakhala pampando. Mayi Phiri anaima kumbuyo, zala pakhosi, ine ndi kapu. Tsiku limenelo sindinaimbe kanyimbo ka kumeza, ndipo alamu anameza okha. Kenako Mayi Phiri anapita patebulo kukalemba, msana atatipatsa, n'kunena, "Yezani, a Nakaonga." Ndinatenga chingwe cha mizere yabuluu. Ndinazunguliza. Pansi pa zala zanga mtsempha wawo unkagunda. Kukoka pang'ono kukanakwana, chingwe chikanalowa m'mnofu, ulusi ukanagwera m'kati. Alamu anandigwira dzanja n'kulikanikiza kuti ndikoke. Ndinaima. Ndinamva mpweya wawo ukulira fiii podutsa, ngati mphepo pa kabowo ka chitseko, ali chikhalire osachita kanthu. Ndinachotsa dzanja lawo, ndinagoneka chingwe pakhungu monga ndinkachitira ndi wina aliyense, ndinamanga ulusi pamene chinakumana. Kunja, motalika ngati m'lifupi mwa chala.

Mayi Phiri anayang'ana n'kunena, "Chakula. Mupita." Alamu anayankhula m'chiyankhulo chathu, mawu ochepa, osakweza. Mayi Phiri anafunsa, "Akuti chiyani?" Ndinati, "Akuti ndawapereka." Anayang'ana ine, anayang'ana iwo, n'kupitiriza kulemba. Kadengu ka nyemba kanatsala kuseri pa udzu, ndipo nkhuku za mlonda zinathandizana nako.

Madzulo ake amalume anu anabwera kunyumba ali pa njinga, osatsika n'komwe. "Iwe, ndamva kuti ndiwe wamanga mkazi wanga kuti akamudule. Akakafera komweko ana ulera ndiwe." Ndinati, "Ndilera, achimwene. Koma akafera pamphasa panu muli m'tulo, mudzati wamanga ndani?" Anatembenuza njinga. Patapita masiku anawaperekeza okha, chifukwa nawonso ankamva kubanika kuja ali pambali.

Zaka zimene munali kusukulu nonse

Anabwera ndi chipsera chopyapyala m'munsi mwa khosi, chonga mkanda umodzi. Madokotala a kumeneko anati chotupa chinali chitalowa pansi, kuseri kwa fupa la pachifuwa, kumene chala kapena chingwe sichifika, ndipo chinali chachikulu kuposa mmene tinkaganizira. Thupi linabwerera. Ananenepa, analima, anagona chagada, Atupele anakula ali pamsana pa amake. Anawapatsa kapiritsi kamodzi ka tsiku ndi tsiku ka moyo wonse, ndipo amamwa mpaka lero. Mawu okha ndiwo sanabwere. Anati tidikire miyezi, tinadikira. Anati mwina chaka, chinatha. Anatsala mawu a pansipansi, ngati munthu wa chimfine chosatha.

Kwaya anaisiya. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Tikakumana kuchigayo ankandipatsa moni wa dzanja, maso ali kwina. Pa maliro a amayi athu tinaphika pa moto umodzi, mchere ankandipempha kudzera mwa mwana. Amayi a mpingo anati ndizidzutsa nyimbo ine. Ndinakana kanthawi, kenako ndinavomera, chifukwa maliro sadikira ndipo maukwati sanathe. Ndinaimba. Sindinachepetse mawu kuti ndioneke wachisoni, ndinaimba ndi khosi lonse, monga ndinabadwira. Ena ankati, "Taonani, chimene ankafuna wachipeza." Ndinkamva, n'kupitiriza ndime yachiwiri.

Zaka zanga zomaliza anandisamutsira ku Boma. Kumeneko ndinaona sikani. Amapaka mafuta ozizira pakhosi, amayendetsa kachida, chithokomiro n'kuoneka pa galasi. Amayeza m'litali, m'lifupi ndi kuzama kwa mbali iliyonse, n'kudziwa kukula kwake konse, popanda kapu, popanda nyimbo. Ndinaomba m'manja tsiku loyamba, anamwino achitsikana n'kumandiseka: "Agogo, mwaona kanema?" Ndinati, "Ndaona, ndipo ndi wabwino kuposa wa mpira." Kumeneko ndinabwerera ku tsache, popeza achinyamata a kuno omwe anali ataphunzira unamwino, womasulira sankafunikanso. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinaimba, mpaka tsiku limene anandipatsa chitenje ndi ketulo n'kunena kuti ndikapume.

Chaka chatha, nthawi yobzala

Ndinali pakhonde ndikusankha mbewu ya nyemba pamene njinga yamoto inaima pa msewu. Anatsika alamu, tsitsi litayera ngati langa, ndi Atupele, amene tsopano ndi mayi wa ana ake. Pakhomo panga anali asanapondepo chichokere tsiku la ulusi lija. Ndinayala mphasa. Tinapatsana moni wautali, wa ana, wa ng'ombe, wa mvula. Titatha, alamu anatambasula dzanja n'kumasula mpango wa m'khosi mwa mwana wawo. Ndinaona chotupa. Ndinaonanso manja a mwanayo akunjenjemera pa maondo.

Ndinati, "Alamu, ine ndinapuma. Ku Boma kuli makina tsopano, amaona bwino kuposa ine."

Anayankha ndi mawu awo aja a pansipansi, ndipo ndinasendera kuti ndimve. "Za makina ndikudziwa. Mawa mumuperekeze. Ine sindingathe, akalira ndimumvera chisoni, tibwerera panjira."

Atupele anati, "Amama, ine ndati ndiyambe ndakolola kaye."

Amake sanamuyang'ane. Anayang'ana ine, koyamba m'zaka zonsezo, maso ndi maso. "Mwamva? Wayamba kale. Akakupemphani zimene ndinakupemphani ine, mukamukanize."

Ndinati, "Ndikamukaniza."

Alamu anagwedeza mutu movomereza, anakoka lichero langa, n'kuyamba kusankha nyemba.